Tenti ya Maliro Pabwalo la Eni

Kalata yondiuza kuti ndituluke m'nyumba ya sukulu inandipeza ndikuchapa. Ndinaiwerenga ndi manja a thovu ndipo sindinadabwe, chifukwa mphunzitsi aliyense amadziwa kuti tsiku losiya choko ndi tsiku losiyanso makiyi. M'nyumba imeneyo, kuseri kwa makalasi, kumapeto kwa tauni ya Chipata, ndinakhalamo zaka zoposa makumi awiri. Ndinalereramo mwana wanga mmodzi yekhayo, amene pano ali pabanja ku Kitwe, ndipo amuna anga anatsirizikira momwemo. Akuluakulu a sukulu anandipatsa miyezi itatu yoti ndisamuke.

Miyezi iwiri ndinangoidya ndikuyang'ana makoma. Wachitatu uli pakati, alongo anga anatulukira pa njinga yamoto kuchokera kwathu ku Chipangali. Iwowa ndiwo oyamba kubadwa, eni mbumba, alimi a thonje ndi mtedza, ndipo padziko lonse ndi okhawo amene amanditchulabe kuti iwe. Ndimawakonda. Ndili kamtsikana ndi iwo ankandibereka powoloka mtsinje kuti ndisajombe kusukulu. Koma chiyambire nthawi imeneyo sanazindikire kuti ananditsitsa kale kumsana.

"Takonza chipinda," anatero tiyi asanamwe n'komwe. "Chija cha kuseri, mosungira feteleza muja. Matumba tachotsa, laimu tapaka. Loweruka likubwerali lipite, linalo ndibwera ndi lole kudzanyamula katundu."

"Mwandifunsa, alongo?"

"Ndifunse chiyani? Mwamuna ulibe, mwana ali kutali, ntchito yatha. Ukhala bwanji wekha ngati mfiti? Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Chipinda chimenecho ndinkachidziwa bwino. Khomo lake limayang'ana pakhonde pawo, moti ngakhale kupita kuchimbudzi umayamba wapereka moni. Ndinadziona ndili mmenemo, ndikupempha chilolezo chopita kumsika, ndikufotokoza chifukwa chimene ndagonera masana, ndikulera zidzukulu za eni mpaka msana utapindika. Mutu unanditentha.

"Lole yanuyo isabwere. Ndipeza nyumba yanga."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino. Masabata awiri. Ukapanda kuipeza ukwera lole, ndipo usadzatsegule pakamwa."

Ndinavomera pomwepo, poti munthu wokwiya sawerenga masiku.

Ndinayamba ndi m'tauni. Ejenti wina wopezera anthu nyumba, wovala nsapato zosongoka, anandizunguza masiku asanu. Nyumba yoyamba inali pamwamba pa phiri pomwe madzi a m'mipope amafika mwa apo ndi apo. Yachiwiri inagundana khoma ndi bala, ndipo tikuyendera zipinda magalasi a mawindo ankanjenjemera ndi nyimbo, masanasana. Yachitatu inali yabwino ndithu. Mwini wake anandionetsa paliponse, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga abambo a kunyumba abwera liti kuti tikambirane bwino?"

"Ali kumanda," ndinayankha. "Mutha kuwatsatira mukakambirane."

Ejenti uja sanayankhenso foni yanga, ndipo sabata yoyamba inathera pomwepo.

Ndinaganiza zotuluka m'tauni. Galimoto ndinali nayo, kachikale ka malemu amuna anga, kamene ndinaphunzira kuyendetsa ndili ndi imvi kale chifukwa achibale awo ankafuna kukagulitsa. Vuto linali pogona. Achibale ndili nawo m'njira zonse, koma aliyense akanandipatsa mphasa pamodzi ndi malangizo, m'mawa n'kuimbira foni alongo anga. Ndiye ndinakumbukira kuti kumphakati wathu, gulu lathu la akhristu a dera limodzi, tinali titagula tenti yatsopano yogwiritsa ntchito pamaliro. Yakale ija, ya lona, yobiriwira, yazigamba, inangopindidwa m'kachipinda ka kutchalitchi makoswe akuichita phwando. Ndinapita kukaipempha.

"Kwagwanji, aphunzitsi?" anafunsa amayi osunga makiyi, dzanja lili pamtima.

"Palibe chagwa. Ndikupita kukaona njovu."

Sindinaname. Zaka zonse zija ndinkaphunzitsa ana za mtsinje wa Luangwa ndi nyama za ku Malambo, ndikujambula pabolodi njovu imene ana ankati ikufanana ndi nkhumba yoluma paipi. Koma ineyo njovu ndinali ndisanaionepo. Azungu amawoloka nyanja kudzaiona, ine wokhala ulendo wa maola ochepa ndinkangoti chaka chamawa. Munthu wanzeru, atatsala ndi sabata imodzi, akanayamba ndi nyumba. Ine ndinati zaka zonsezi ndachita zanzeru, ndipo malipiro ake ndi chipinda cha feteleza. Ndiyamba ndi njovu, nyumba ndiziona m'njira.

Alongo anga atamva, anatumiza akazi awo kuti andiperekeze. Tonse tinkadziwa kuti kuperekezako kunali kulondera. Alamu angawo ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana, ndipo anafika ndi chikwama, kapoto ndi buku la nyimbo. Ataona chimtolo chili pampando wakumbuyo, anabwerera m'mbuyo.

"Alamu, si tenti ya pamaliro iyi? Tizigona mmenemu?"

"Mwagonamo olira okhaokha, alamu. Wakufa sanagonemo."

Anachita chizindikiro cha mtanda n'kukwera. Ine ndinazimitsa foni yanga n'kuiponya m'kabokosi ka kutsogolo, kuti alongo anga akafuna kulamula azilamula akazi awo.

Msewu wa ku Mfuwe umatsika mapiri pang'onopang'ono, ndipo ukamatsika kutentha kumakwera. M'njiramo tinaona nyumba ziwiri zogulitsa. Ina denga lake linapita ndi mphepo ndipo mwini wake ankalankhula ngati ndi nkhani yaing'ono. Inayo, kuchigwa kwenikweni, inali ndi nkhokwe yophwasuka pambali, ndipo nditafunsa anati njovu zimabwera kudzatenga gawo lawo chaka ndi chaka. Ndinati kuziona ndikufuna, koma kudya nazo mbale imodzi ayi.

Tinakagona pamalo ena m'mbali mwa Luangwa pomwe alendo amamangapo matenti. A azungu anali aang'onoang'ono ngati bowa. Yathu titaidzutsa, mothandizidwa ndi mlonda wa pamalopo, inaima ngati tchalitchi cha kumudzi. Mzungu wina anaijambula, ine ndinaimirira pakhomo pake manja ali m'chiuno kuti ajambule bwino. Kumeneko palibe amene anaiona ngati ya maliro, ndipo pofika tsiku lachiwiri ine ndemwe ndinaiwala.

Njovu zinabwera m'mawa kutangoyera. Ndinkayembekezera chiphokoso, mitengo kuthyoka, nthaka kugwedezeka. Ayi ndithu. Ndinangoona kuti kuwala kwa pakhomo pa tenti kwatsekeka, ndipo posuzumira ndinaona mwendo. Zinali zisanu, ndi kamwana pakati, zikutola zipatso pansi pa mtengo, zikuyenda mwakachetechete kuposa mmene alamu anga amayendera m'nyumba mwawo. Yaikulu inatembenuza mutu n'kundiyang'ana ndi kadiso kakang'ono konyowa, kenaka n'kupitiriza zake. Alamu anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa. Ine ndinasangalala, komanso ndinapsa mtima. Ndinapsera mtima zaka zonse zimene ndinakhala ndikudikira kuti wina andiuze kuti tsopano ungathe kupita.

Masana tinaona mbidzi, nswala, ndi nyamalikiti imene alamu anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti Mulungu tsiku limenelo anali ndi nthawi. Koma ine maso anali pamadzi. Pafupi ndi pomwe tinagona panali thamanda lalikulu, lotsalira mtsinje ukaphwa, ndipo msodzi wina wa msinkhu wathu ankaponyamo maukonde. Ndinamupempha kuti atikweze bwato. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukhale pansi penipeni. Osaimirira, osaika dzanja m'madzi. Muli ng'ona umu."

"Ine nditsala," anatero alamu.

"Anakutumani kudzandilondera. Mukalondera bwanji muli kumtunda?"

Anakwera akunong'ona mapemphero. Bwatowo unali wosema, wopapatiza moti chiuno changa chinachita kukanikizika mbali zonse ziwiri. Tikuyenda, msodzi uja ankati akapalasa kangapo, n'kugogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Mvuu siifuna kuidzidzimutsa," anatero. "Ukagogoda imavuuka kuti ione, iwe n'kudziwa pamene ili, n'kuilambalala."

Sanamalize n'komwe, mitu itatu inatuluka kutsogolo kwathu, makutu akupukusa madzi. Tinakhota mwaulemu. Titafika pamalo oti phee, ndinati andipatse nkhafi. Anakana, ati amayi sapalasa. Ndinamuuza kuti amayi sayendetsanso galimoto koma aone chimene chaima pamtunda apo. Anandipatsa akupukusa mutu. Bwato unazungulira katatu pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa, mikono inandiwawa, madzi anandithira kumaso. Kachinayi unalunjika, mokhotakhota, koma unapita kumene ine ndinkafuna.

Ndi pakati pa madzipo pamene alamu analankhula, nkhope ili kutsogolo, msana uli kwa ine.

"Alamu, alongo anu ndimawaimbira foni madzulo aliwonse. Ndimawauza pamene tili."

"Ndikudziwa."

"Za bwatozi sindikawauza." Anapitiriza osatembenuka. "Chipinda chija laimu ndinapaka ndine. Ndinkapaka ndikuganiza kuti chikanakhala changa. Chikwatiwireni, ine sindinakhalepo ndi poti n'kutseka ndikhale ndekha ngakhale ola limodzi. Ndimakukondani, ndipo mukanabwera bwenzi ndili ndi wocheza naye. Koma musabwere."

Ndinangowagwira paphewa, bwato n'kupendeka, msodzi n'kutikalipira tonse awiri.

Nkhani ya nyumba inachokera kwa mayi wina wophika pamalo tinagonapo. Kwawo kunali kufupi ndi Tamanda, ndipo anati kumeneko kuli nyumba ya mkulu wina, mmisiri wa matabwa, amene ukalamba ndi matenda zamugwira. Mwana wake wamkazi anamutengera kuchipatala ku Chipata ndipo akufuna kuti akatuluka azikhala naye, nyumbayo aigulitse. Ndinamuimbira mwanayo pa foni ya alamu. Mwanayo anati makiyi abwera nawo m'mawa mwake, ndipo ngati tifike msanga tikhoza kugona pabwalo, palibe wotiletsa. Limeneli linali Lachinayi. Lole inali kubwera Loweruka.

Tinakwera mapiri kubwerera, kudutsa Chipata osaima, n'kulowa msewu wafumbi. Tinafika dzuwa litangolowa. Ngakhale m'chisisira chomwecho ndinaona kuti ndi imeneyi. Inali ya njerwa zowotcha, yaing'ono, ya malata osachita dzimbiri, ndi mitengo iwiri ya mango pabwalo. Zitseko ndi mawindo anapanga yekha mwini wake, za mlombwa, zolowana bwino moti ngakhale mpeni sungapite pakati. Mjigo unali pafupi, ndipo chakum'mawa kunkaoneka mapiri a kumalire. Ndinagwira chitseko chija ndipo mtima unakhala pansi koyamba chilandirireni kalata ija.

"Tiyeni tikaonekere kwa aneba," anatero alamu.

"Kwada. Tikaonekera mawa."

Safunsa anadya phula. Tinadzutsa tenti yathu pakati pa bwalo, kutsogolo kwa khomo la munthu amene mudzi wonse unkadziwa kuti ali gone kuchipatala. Alamu anaimbira amuna awo kuwauza pamene tili, ndipo atangomaliza foni yawo inatha moto.

Alamu anga ali ndi chizolowezi choimba nyimbo ya tchalitchi akangodzuka, ndipo nyimbo zimene amakonda ndi zija zokoka pang'onopang'ono. M'mawa umenewo anakhala pamphasa panja, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha mphepo, maso ali psu ndi fumbi la dzulo, akuimba. Ine ndinali m'kati ndikufunafuna mswachi. Ndinamva mayi wina akuyamba kulira cha kumjigo. Wina anamulandira chakumtunda. Ndinati kalanga, m'mudzi muno mwagwa zovuta tsiku lomwe ife tafika.

Ndinatuluka mswachi uli m'kamwa, kapu ili m'manja. Amayi ankalowa pabwalo mondondozana, ena atasenza nkhuni, ena mabeseni a ufa, akulira. Abambo ankavula zipewa n'kukakhala pansi pa mango, ndipo anyamata angapo anali atafika kale ndi makasu. Mayi wina wachikulire, wa duku loyera, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi mtsogoleri wa amayi a mpingo wa kumeneko, anandigwira manja onse awiri, kapu ndi mswachi zomwe.

"Pepani, amayi, pepani. Atisiya nthawi yanji? Thupi lifika liti?"

Ndinatembenuka n'kuyang'ana tenti ija, ndipo ndinaiona mmene iwo ankaionera. Ine amene ndamanga tenti yomweyo pamakomo a anthu osawerengeka, amene ndimadziwa kuti ukaiona pabwalo sufunsa, umangothyola nkhuni n'kupita.

Ndinalavula thovu n'kuwauza zoona. Ndinati palibe wamwalira, mkuluyo ali moyo kuchipatala, ife ndife alendo odzaona nyumba ndipo tentiyo ndi pogona pathu chabe. Kulira kunazima pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo mpaka kwa amene anali akulowa kumene. Bambo wina wamtali anaimirira pansi pa mango, khasu lili m'manja.

"Mwabwera kudzagula nyumba kapena kudzaika mwini wake? Munthu akali kupuma, inu mwamumangira kale tenti pakhomo. Malodza amenewa mukatichotsera ndinu?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Alamu anandikoka chitenje. "Tiyeni tipakire, alamu. Tizipita asanatichite china."

Apa ndiye ndinaona njira ziwiri bwinobwino. Kupakira n'kuthawa kunali kosavuta, ndipo msewu wake unkathera m'chipinda cha feteleza. Ndinaika kapu pansi, ndinapita pakati pa bwalo, n'kugwada m'fumbi, maondo anga okalambawa akulira. Ndinaomba m'manja kwa abambo, n'kutembenukira kwa amayi.

"Ndalakwa ndine," ndinatero. "Sindine mwana, ndipo tenti iyi ndikuidziwa ntchito yake kuposa ambiri a inu. Ndinafika osaonekera kwa eni mudzi, ndakulizani pachabe, ndakusiyitsani ntchito zanu. Chimene munganene kuti ndichite, ndichita. Koma kuchoka sindichoka mpaka makiyi afike. Nyumbayi ndaifuna."

"Taonani mwano," anatero bambo wamtali uja.

Mwina unalidi mwano. Ndinadzuka n'kuyamba kuzula zikhomo za tenti ndekha, anthu onse akundiyang'ana. Zingwe zinali zitalimba ndi mame, zala zinkandipweteka, ndipo palibe anasuntha. Nditafika pa mzati wapakati, umene munthu mmodzi sangautsitse, ndinaima nditaukumbatira, thukuta lili kamukamu. Mayi wa duku loyera uja anapumira m'mwamba, anabwera n'kugwira mbali inayo.

"Tsitsani pang'onopang'ono," anatero. "Mungatiphere munthu weniweni."

Tikupinda lona, mwana wa mwini nyumba anafika pa takisi. Ataona khamu ndi nkhuni anafuna kukomoka, poganiza kuti uthenga wamudutsa m'njira. Atamva zonse sanaseke. Anaimba foni kuchipatala kwa amene anatsala akudwazika bambo ake, n'kuikweza mawu kuti aliyense adzimvere yekha kuti mkuluyo ali moyo. Anawafotokozera bambo akewo zimene zachitika. Kenaka tinamva kamawu kofooka.

"Abwera angati?"

"Bwalo ladzaza, atate."

"Nanga uja wa mbuzi zondithera ndiwo kudimba, wabwera?"

Anthu onse anatembenukira kwa bambo wamtali uja. Iye anayang'ana pansi. "Ndabwera," anatero mokakamizika. "Ndi khasu lomwe."

"Walira?"

Mayi wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, mpaka anyamata a makasu anagwira m'mimba. Mkulu uja naye ankaseka uku akutsokomola. Atapeza mpweya ananena kuti iye kwawo ndi ku Petauke, anabwera ali mnyamata kudzakhoma denga la tchalitchi n'kukhaliratu, ndipo mpingo wake ndi wina, mbale wa magazi kumeneko alibe. Masiku onse amene wagona m'chipatala ankadzifunsa ngati padzapezeke munthu pamaliro ake. "Mayi wa tentiyo mupatseni makiyi aone m'kati," anatero. "Koma mtengo sinditsitsa."

Sikuti onse anakhululuka. Bambo wa mbuzi anachoka osandiyang'ana, ndipo amayi ena ankanong'onezana akundiloza ndi milomo. Koma nkhuni anazisiya. Mayi wa duku loyera anati zabwera zabwera, palibe wozisenzanso.

Makiyi ali m'manja mwanga, ndisanatsegule n'komwe, tinamva njinga yamoto ikubwera mothamanga moti nkhuku zinabalalika. Anali alongo anga. Analibe chipewa, malaya anamanga mabatani mophonya, kumapazi ali ndi majombo a kumunda. Zinachitika n'zakuti wina m'mudzimo anaimbira mbale wake ku Chipangali kuti kwa mmisiri kwafika galimoto ya mayi wina mphunzitsi wa ku Chipata ndipo kwacha ndi maliro. Pomafika m'makutu mwa alongo anga, womwalirayo ndinali ine. Anaimba foni yanga, yozima. Anaimba ya akazi awo, yozima.

Anatsika njinga osaiimika bwino, inagwa. Anandiyang'ana ndili chilili pakhonde. Kenaka anakhala pansi m'fumbi momwemo n'kuphimba nkhope ndi manja. Mapewa ankagwedezeka. Chimwalirireni amayi athu ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo ndinadzimva kuti ndine munthu woipa chifukwa cha foni ija ndinaitsekera m'kabokosi. Ndinapita kukagwada pambali pawo.

Misozi itauma, mkwiyo unabwera, monga ndinkayembekezera.

"Waona zimene wachita? Watichititsa manyazi pamudzi wa eni. Kwera galimoto, unditsate. Zatha izi."

"Sindikutsatani, alongo. Nyumba ndaipeza. Lero ndi Lachisanu."

"Nyumba? Kuno uli ndi ndani? Ukadzadwala adzakuphikira phala ndani? Ukadzagwa m'nyumbamo usiku adzakutola ndani?"

Ndinawalozera mulu wa nkhuni, mabeseni a ufa amene anali asanachotsedwe, ndi anthu amene anali adakali pansi pa mango akunamizira kuti sakumvetsera.

"Awa abwera dzuwa lisanatuluke, osaitanidwa, chifukwa cha munthu wa ku Petauke, wa mpingo wina. Wina mwa iwo ndi mdani wake, koma anabwera ndi khasu."

Anayang'ana nkhunizo nthawi yaitali. Atalankhulanso mawu anali atatsika, moti ndinamva ndine ndekha.

"Njira yonseyi ndimaganiza pokakuika. Pali malo pambali pa amayi, pansi pa mtengo uja. Ndinali nditasankha kale."

Ndinawagwira dzanja, lokhakhala ndi ntchito, lomwe lija linkandigwira miyendo ndili kumsana kwawo.

"Malowo sungani, alongo. Tsiku limenelo mudzabwere mudzanditenge, sindidzatsegula pakamwa. Koma pamene ndikupuma, ndigona muno."

Anadzuka, anadzisasa fumbi, anadzutsa njinga yawo. Ndinawapempha kuti alowe aone m'kati, anapukusa mutu. Anauza akazi awo kuti akwere. Alamu anatenga chikwama, kapoto ndi buku lawo la nyimbo, n'kukhala kumbuyo, ndipo njinga ikunyamuka anandibayibitsa dzanja lili m'munsi, pomwe amuna awo sakanaona.

Mwambo umati mlendo umamuperekeza mpaka kumsewu. Ine sindinawaperekeze, ndipo anthu anaona. Ndinkadziwa kuti ndikayenda nawo pambali mpaka kumsewu, ndikuona msana wawo wowerama ndi mabatani ophonya aja, ndikathera kunena kuti chabwino, lole ibwere. Ndinaima pakhonde mpaka phokoso la njinga linazimiririka.

Kenaka ndinatsegula n'kulowa. Munali fungo la utuchi ndi fumbi la miyezi, akangaude atamanga m'ngodya zonse. Ndinakhala pansi pa simenti m'chipinda chopanda kanthu n'kulira mokweza, kulira kwenikweni, kumene pabwalo lija kunali kusanamveke tsiku limenelo. Palibe anabwera kudzanditonthoza ndipo sindinafune wina abwere.

Nditamaliza ndinapukuta kumaso ndi chitenje, ndinatuluka, n'kulunjika kunyumba yoyandikana nayo, imene inapezeka kuti ndi ya bambo wa mbuzi uja. Anali pakhonde akunola khasu, ndipo moni wanga sanauyankhe. Ndinaima pomwepo mpaka anadzutsa mutu.

"Ndine neba wanu watsopano," ndinatero. "Ndabwera kudzabwereka tsache."